Bulugamu wa a Zuze m'jenereta ya nthunzi

Anthu a kuno ku Zingwangwa akandifunsa ntchito imene ndinkagwira ku Joni, ndimayamba ndawayang'ana kaye kuti ndione ngati ali ndi nthawi. Wofulumira ndimangomuuza kuti ndinali pa hotela. Amene wapeza pokhala ndimamuuza zoona zake, kuti ine ndinkaphika anthu. Anthu olemera, a mimba zawo, ankalipira kuti alowe m'kachipinda kotentha, akhale pa benchi atangomanga thaulo m'chiuno, nthunzi iwaphike mpaka thukuta litakwana. Kutentha kumene ife timadandaula nako m'minibasi mwezi wa Okotobala, anzathu kumeneko amachita kugula.

Ndinanyamuka zaka zija mnyamata aliyense wa m'dera lathu ankalota za kumwera. Pa depoti ya mabasi ya Wenela anandiperekeza mayi a kunyumba ndi mwana wathu wamkazi, amene nthawi imeneyo anali asanagule mano. M'chikwama ndinali ndi mathalauza awiri, chiponde, ndi dikishonale. Sukulu ine sindinapite nayo patali, koma matenda owerenga anandigwira ndili mwana. Ndinkawerenga nyuzipepala yokulungira tchipisi mafuta ali chuchuchu, ndinkawerenga mapaketi a sopo, ngakhale zolemba za kumbuyo kwa malole. Dikishonale imeneyi ndinaigula pansi mu Limbe, yopanda chikuto, ndipo masamba oyambirira anali atathothoka. Inkayambira pa C. Choncho Chingerezi changa chinali ngati nyumba yopanda khonde, cholimba ndithu m'katimo, koma polowera panalibe.

Za pa Mwanza, za kutentha kwa ku Tete, za mizere ya pa Beitbridge sindinena, aliyense amene anadutsa njira imeneyo ali ndi zake. Miyezi yoyamba ndinatsuka magalimoto, ndinatchetcha kapinga, ndinathamangitsidwa ndi agalu odya bwino kuposa ine. Amene ananditola ndi a Zuze. Tinakumana ku tchalitchi kumene Amalawi ankasonkhana Lamulungu, atandimva ndikuwerenga mokweza chikwangwani cha pa khomo ngati wina wandituma.

"Kodi aphunzitsi awa ndi a kuti?" anafunsa.

"Ku Zingwangwa, madala."

"Aa, ndiye ndife a nyumba imodzi. Ine kwathu n'ku Nsanje, koma banja lili ku Manje. Mukaima pa msika panu paja n'kukuwa, akazi anga amva."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali aphunzitsi, ngakhale choko sindinagwirepo. A Zuze anali bambo wamtali, wa imvi za m'mbali, woyankhula pang'onopang'ono ngati akupalasa bwato. Ankagwira ntchito pa hotela ina ya kutchire kupitirira Pretoria, ndipo anandipezera malo konko. Tinkagona chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba yochapira, mabedi awiri ndi msomali wokolekapo zovala. Masiku a m'pasipoti mwawo anali atatha kalekale. Mpanda wa hotelayo ndiwo unali dziko lawo. Akanati achotsedwe ntchito, tsiku lomwelo akanataya ndi pogona pomwe, ndipo munthu wopanda mapepala woyenda ndi chikwama mumsewu sachedwa kukumana ndi galimoto ya apolisi. Ku Manje nyumba yawo inali itafika pa mawindo, ikudikira iwo.

Ntchito yathu inali dziwe losambira ndi kachipinda ka nthunzi kaja. Kuseri kwake kunali kanyumba kakang'ono, mmene munkakhala mwini wake wa zonse, jenereta. Si jenereta ya magetsi ayi. Ndi bokosi lachitsulo, m'kati muli thanki, m'thankimo muli maelementi ngati a m'ketulo koma akuluakulu. Madzi amalowa okha, amawira, nthunzi n'kudutsa m'paipi kukatulukira pansi pa benchi. Pamwamba pa thanki pali tindodo tachitsulo tolowa m'kati, timene timauza makinawo ngati madzi akwana kapena achepa. Madzi a kumeneko anali a pa mjigo, olemera ndi laimu, moti m'thanki munkachita makoko oyera. N'chifukwa chake mzungu wina wa makina ankabwera kuchokera m'tauni nthawi ndi nthawi, n'kutsegula kachitsekerero ka pamwamba, n'kuthiramo mankhwala osungunula makokowo. A Zuze ankamugwirira ndowa. Ankaonetsetsa zonse.

Woyang'anira hotelayo anali mayi wachizungu wamasiye, ife tinkangoti adona. Sanali woipa mtima, koma ankapsa msanga ngati udzu wa pa Soche mwezi wa Seputembala.

Kenaka kunabwera chisanu. Ine ndinkayesa kuti chiperoni cha kwathu ndiye mapeto a kuzizira, koma kumeneko madzi ankauma m'paipi ya pa kapinga. Chimfine chinandigwira, chinatsikira m'chifuwa, n'kumangamo nyumba. Ndinkatsokomola mpaka alendo ankatembenuka. Ndinawerenga pepala lonse la m'paketi ya mapilitsi, mbali zonse ziwiri, koma chifuwa sichinkamva Chingerezi.

"Aphunzitsi, mufa ndi kuwerengaku," anatero a Zuze. "Kwathu munthu wotere timamufukiza. Bulugamu mumphika, bulangeti kumutu, basi. Inu amayi anu sanakufukizeniponi?"

"Anandifukizapo, madala. Koma mphika tiupeza kuti? Adona analetsa moto m'zipinda muno."

"Mphika ulipo," anatero. "Waukulu."

M'mawa mwake, nthawi imene tinkayatsa makina kuti tiyese alendo asanadzuke, anandikankhira m'kachipinda kaja n'kutseka chitseko. Nthunzi itayamba kutuluka ndinamva fungo la kwathu lenileni. Linandilowa m'mphuno, linatsika pa khosi, linakatsegula zitseko zonse za m'chifuwa. Ndinakhala pa benchi ya anthu olemera, misozi ndi mamina zili mbwee, ndikuona ngati ndili pansi pa bulangeti la amayi. M'mbali mwa mpanda wa hotelayo munali mitengo ya bulugamu yambirimbiri, choncho sindinadabwe kumene apeza masamba. Ndinkangoganiza kuti awaika penapake pansi pa benchi. Munthu wowerenga chilichonse, sindinafunse funso limodzi lokhalo lofunika. Tinachita zimenezi m'mawa mungapo, ndipo ine ndinachira. Amene anadwala ndi jenereta.

Inayamba ndi kutsokomola, monga ndinkachitira ine. Kenaka inayamba kulavula madzi otentha m'malo mwa nthunzi. Loweruka lina m'mawa inangoti zii, nyali zake zonse kuzima. Tsoka lake, madzulo ake kunkafika anthu a ukwati amene anatenga hotela yonse, ndipo akuchikazi anali atanenetsa kuti akufuna chipinda cha nthunzi chikhale chokonzeka. Mzungu wa makina anali atapita kunyanja ndi banja lake.

Tili m'kanyumba kaja, a Zuze anavula chipewa.

"Aphunzitsi, masamba aja ndinkaika umu." Analoza kachitsekerero ka pamwamba.

"M'thanki?"

"Nanga mankhwala mzungu uja amathira kuti? Si pomwepa? Ndinkathiramonso mafuta opaka pa chifuwa aja, pang'ono pokha, kuti zigwire bwino."

Ndinafuna kuseka, ndinafuna kulira. Ndinawauza kuti tingokhala chete, makina amafa okha tsiku lililonse. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Ine ndinali mkulu wa mphakati ku Manje. Ndikaname chifukwa cha masamba?"

Anapita okha ku ofesi, ine ndikutsatira m'mbuyo ngati mbuzi yopita ku msika. Chingerezi chawo chinali chochepa, choncho wotanthauzira mlandu ndinali ine, wodwala amene anachira. Adona anafiira kuyambira pa khosi mpaka m'makutu. Anayankhula zambiri zimene dikishonale yanga inalibe. Pomaliza anati: alendo akafika nthunzi ikutuluka, nkhani yatha. Koma ngati maelementi apsa, n'kufunika kuitanitsa ena, a Zuze alongedze katundu wawo Lolemba lisanafike.

Ndinapempha buku la makinawo. Anandiponyera pa tebulo, lili m'pulasitiki mwake, losatsegulidwa chigulireni.

Tsono apa ndiye mumuone mphunzitsi pa ntchito. Ndinakhala pa ndowa, buku pa bondo ili, dikishonale pa bondo linalo. Mawu amene ndinkawafuna kwambiri, monga mukudziwa kale, ankayamba ndi A kapena B. Komabe ndinalimbikira, ndinapeza tsamba la matenda a makina, ndinatsata ndi chala, ndipo ndinaimirira n'kulengeza ngati dokotala wamkulu kuti maelementi apsa, palibenso chochita. A Zuze anakhala pansi pa simenti. Sindinawaonepo atachepa choncho. Anangoti, "Nyumba ija ndiye ikhala ya mbuzi."

Mawu amenewo ndi amene anandibweza ku ofesi kukapempha adona kuti ndiyankhule ndi mzungu wa makina pa foni yawo. Atamva za masamba anaseka nthawi yaitali, mafunde akumveka kumbuyo kwake. Atatha kuseka anandifunsa ngati ndamva fungo la waya wopsa. Ndinati ayi. Anati ndiye usaike maliro munthu asanafe. Anandifotokozera kuti mafuta ndi masamba zikawira zimachita thovu, thovulo likakhudza tindodo tija makina amayesa kuti madzi adzaza, n'kusiya kumwa. Thanki ikauma, makinawo amadzizimitsa okha kuti asapse. Mwina anazima nthawi yabwino, mwina anachedwa. Tsukani muone, anatero, koma muyambe mwazimitsa magetsi pa bokosi lalikulu, sindikufuna kudzapeza Mmalawi wowotcha. Foni inaduka asananene zambiri.

Tinazimitsa magetsi, tinatseka madzi, tinadikira kuti chitsulo chizizire. Nditatsegula mpopi wa pansi wotayira madzi, panangodontha timadontho takuda ngati tiyi wa pa maliro. Masamba anali atatseka njira. Dzanja silikanalowa pa kachitsekerero kaja, ngakhale zala ziwiri zinkavuta. Buku silinanenepo kanthu za bulugamu. Anthu amene analilemba sanaganizepo kuti padziko pano pali a Zuze.

Apa mkulu uja anadzuka. Anakatenga waya wokolekera zovala ku nyumba yochapira, anamuwongola, anapinda kumapeto ngati mbedza, n'kugwada pa thanki. Anatseka maso, akumvetsera ndi dzanja.

"Ine ndakola milamba m'mauna a m'madambo a Shire, madzi ali bii," anatero. "Tsamba lingandikanike?"

Linatuluka loyamba, lakuda, lofewa ngati chigwada chophikitsa. Linatuluka lachiwiri. Kenaka anayamba kutuluka m'magulu, okhaokha omatana.

"Madala, munaikamo mtengo wonse?"

"Munkatsokomola kwambiri, aphunzitsi."

Dzuwa linakwera ife tikuwedza. Mawondo awo anatupa, zala zinachekeka, koma waya sanandipatse ngakhale kamodzi. Mwadzidzidzi mpopi wa pansi unachita phokoso ngati munthu wogeya, madzi onyansa n'kukhuthukira mu ndowa pamodzi ndi zidutswa za laimu. Tinathira madzi abwino, tinataya, tinathiranso, mpaka anayamba kutuluka oyera.

Panatsala makoko ndi mafuta omatirira m'kati. Mankhwala ake mzungu uja ankayenda nawo m'galimoto mwake. Pamenepa pokha ndiloleni ndidzitame, chifukwa kuwerenga mapaketi kunandilipira. Bukulo linatchula dzina la ufa wina wowawasa umene ungagwire ntchito yomweyo, ndipo ine ndinakumbuka kuti dzina limenelo ndinaliwerengapo pa chitini china ku khitchini, tsiku lina ndikudikira chakudya. Unali ufa wa ndimu umene ophika ankathira mu jamu. Mayi wophika, wa ku Zimbabwe, anandipatsa chitini chonse n'kunena kuti ngati zikanika tibweretse masambawo aphike ndiwo. Tinasungunula ufawo m'madzi ofunda, tinathira m'thanki, ndipo m'katimo munayamba kulira ngati mowa wa masese ukuwira. Podikira ndinamasula tindodo tija. Tindodoto tinali titavala chikhoto chamafuta ndi laimu. Ndinatikwecha ndi sitiwulu mpaka tinawala, ndinatibwezera, waya aliyense pamalo pake, poti ndinali nditamanga ulusi wosiyana mitundu pomasula. Tinatsukuluzanso thanki kangapo.

Dzuwa linali litapendeka. Ku geti kunayamba kumveka mahutala a magalimoto a ukwati. Ndinatsegula madzi, ndinakweza swichi yaikulu, ndinadina batani loyatsira.

Zii.

Ndinadinanso. Zii. A Zuze anapukuta manja pa ovolosi, anandigwira pa phewa, n'kundithokoza m'Chisena chakwawo.

"Mwayesetsa, mphwanga. Takhuta. Ndikalongedze kudakali kowala."

Aka kanali koyamba kundiitana mphwanga, ndipo sindinakondwere nako. Ndinawauza kuti aphunzitsi sanaweruke. Ndinatsegulanso buku lija, ulendo uno osati kumene kuli mawu, koma kumapeto kumene kuli zithunzi, kumene munthu wonyada ngati ine ankaona ngati n'kwa ana. Pa chithunzi china panali kamuvi koloza pansi pa bokosi, kuseri kwa kachitsulo kophimba. Makina akadzizimitsa okha chifukwa cha kutentha, sayakanso mpaka munthu akawapepese pamenepo. Ndinazimitsanso magetsi, ndinagona chagada m'madzi a pansi aja, ndinamasula kachitsuloko. Kabatani kofiira, kochepa ngati nyemba, kanali katatumphuka. Ndinakakankha ndi chala. Kanati tha.

Nditakweza swichi, nyali yobiriwira inayaka. Kenaka tinamva madzi akulowa m'thanki, kenaka anasiya okha, kusonyeza kuti tindodo tayamba kunena zoona. Tsopano panatsala funso la maelementi. Tinaika makutu pa chitsulo ngati azamba. Kwa nthawi ndithu kunalibe kanthu. Kenaka, pansi penipeni, kaphokoso kakang'ono ngati mvula ikuyamba pa malata akutali. Kanakula. Paipi inayamba kutentha m'dzanja langa.

Tinathamangira m'kachipinda kaja ngati ana. Pansi pa benchi panatuluka kamtambo koyamba, kenaka mtambo weniweni, woyera, wopanda dontho la madzi olavula. Posakhalitsa sitinkaonana. Ndinkangomva a Zuze akuimba nyimbo ya ku tchalitchi m'Chisena, mapazi akuponda matailosi. Inenso ndinavina, ndi ovolosi yanga yonyowa, ndipo ndikuthokoza kuti nthunziyo inabisa kavinidwe kanga.

Chitseko chinatseguka, adona analowa, magalasi awo n'kuchita khungu nthawi yomweyo. Anawavula, anaima, ananunkhiza. Kafungo ka bulugamu kanali kadakalipo pang'ono. Kenaka anatuluka. Anabwerera ndi kabotolo kakang'ono kochokera kunja, anawerama, n'kutionetsa kambale kachitsulo kamene kanali pakamwa pa paipi ya nthunzi. Ife tinkakapukuta tsiku lililonse osadziwa ntchito yake. Anadonthezamo madontho angapo. Fungo limene linadzaza m'chipindamo linali lomwe lija, la pansi pa bulangeti.

Ndinawerenga pa kabotolopo n'kuwauza a Zuze kuti ndi mafuta a bulugamu.

"Wa mpanda uja?"

"Mtundu womwewo, madala."

Anaganiza pang'ono. "Ndiye auzeni adona kuti mankhwala ndinakhoza. Ndinangolakwitsa khomo."

Ndinatanthauzira. Adona anayesa kuumitsa nkhope, koma inawakanika. Anaseka mpaka kukhala pa benchi. Kenaka anati a Zuze asalongedze kanthu, koma akadzayandikiranso kachitsekerero kaja ndi tsamba ngakhale limodzi, adzawaphika iwowo. Pa kanyumba ka jenereta anaikapo loko, kiyi n'kundipatsa ine.

Ndi mmene ndinakhalira mlezi wa makina aja zaka zonse zotsatira. Mzungu wa makina atabwera anandiphunzitsa zambiri, ndipo ankati akafika pa geti amayamba wafunsa ngati m'thanki muli ndiwo zanji lero. Ndinaphunzira kutaya madzi alendo akatha, kusungunula laimu asanaume, kuyang'ana tindodo, kumvetsera kalowedwe ka madzi. Jenereta ili ngati munthu wokalamba, imanena vuto lake isanagwe, bola ukhale nayo pafupi.

Ine ndi amene ndinayamba kubwerera kumudzi. Ndinapeza mwana uja ndinamusiya wa mano a mkaka ali ku sekondale, akundikonza Chingerezi pa chakudya. Mayi a kunyumba anali ndi benchi yawo ya nsomba pa msika, ndi mawu atsopano olamula amene sindinawasiye nawo. Masiku oyamba ndinkakhala m'nyumba yanga ngati mlendo wodikira kuti amuuze pokhala. Amayi anga ndinapeza manda. Chipinda cha nthunzi ku Zingwangwa kulibe, ndipo sindikuona amene angachifune, koma maketulo ndi magiza a ku Naperi amafanso ndi matenda omwewo, choncho sindigona ndi njala.

A Zuze anatsalira zaka zina, mpaka nyumba ya ku Manje inafoleredwa, inaikidwa zitseko, inapakidwa laimu. M'zaka zimenezo tinaona anzathu ambiri akutsika mabasi atabwezedwa kuchokera ku Joni, atanyamula kajumbo kokha, ena nsapato imodzi. Tsiku limene a Zuze ankafika ndinapita pa Wenela pamodzi ndi akazi awo ndi adzukulu. Basi inafika itatopa, ngolo ya katundu ikukokera kumbuyo. Anatsika pang'onopang'ono, mutu wonse woyera, atavala jekete la suti. Katundu wawo anadzaza malo: njinga, matiresi, wailesi, mipando yomangidwa ndi zingwe.

Akazi awo anagwada, adzukulu anawakumbatira m'miyendo. Ine ndinawafunsa mmene anadutsira pa chipata ndi pasipoti yakufa ija.

"Aa, anandidinda chidindo chachikulu, aphunzitsi. Akuti ndisadzapondenso dziko lawo."

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinati mwanawe, dinda kawiri, inki isakuwawe. Ine sakundibweza munthu. Tikiti ndagula ndekha."

Anatembenukira kwa anyamata onyamula katundu amene anali atatizinga kale, n'kukweza dzanja ngati bwana.

"Ku Manje. Nyumba ya malata atsopano. Simusochera."